Si gu-gu-gu chabe achimwene

Achimwene mwafunsa kuti anthu amamvamo chani mu house ndi techno, nyimbo zovina zopangidwa pa makina zija, poti ndi gu-gu-gu yemweyo mpaka kumapeto, mawu mulibe. Mwina mukuimvera pa sipika ya foni kapena mu minibasi ya ku 25 kondakitala akukuwa, pamenepo bass simungaimve nkomwe.

Kubwerezako nkwadala. Kick, ng'oma ya gu-gu-gu ija, imagunda kanayi pa bar iliyonse (bar ndi kachigawo kakafupi ka nyimbo), mwina ka 125 pa mphindi, thupi limazolowera mpaka mumasiya kuiganizira ndiye khutu limayamba kutola tinthu tating'ono, ka hi-hat, kachitsulo kolira tsi-tsi-tsi kaja, kalowa apa, ka piano kakubwera chapatali pang'onopang'ono, zimasintha pakatha ma bar 16 kapena 32. Kenako wopangayo amachotsa kick ndi bass yomwe, mumangotsala mmalere mtima uli mmwamba, zikabwerera zija misozi imalengeza ndithu, ine zimandichitikira. Ng'oma za Gule Wamkulu nazonso zimabwereza koma pabwalo palibe amatopa nazo.

House inayambira ku Chicago mzaka za mma 1980, mmakalabu a anthu akuda omwe ankasalidwa, nchifukwa chake chisoni ndi chimwemwe zimamveka pamodzi. Pezani mahedifoni abwino usiku kukakhala zii, muimvere nyimbo imodzi yonse osadumphitsa, mudzandiuze.