Ndimeze kapena ndikamenye thumba?

Mnyamata wina wogwira ntchito m'sitolo ya zipangizo zomangira wandilembera imelo. Bwana wake anamukalipira pamaso pa makasitomala chifukwa cha risiti yomwe sanalembe iye. Amayi ake akuti angomeza poti ntchito ndi yosowa, mnzake akuti apite ku jimu akamenye thumba mpaka mtima uphwe. Akufunsa kuti amvere ndani.

Achimwene, funso lanuli landifika pamtima chifukwa ndinakulira m'nyumba ya munthu womeza. Bambo anga anali mphunzitsi, waulemu, wosakweza mawu. Zikawavuta kusukulu ankafika n'kukhala pakhonde, wailesi ili pamwendo koma osaitsegula. Palibe ankauzidwa kanthu, komabe tonse tinkadziwa. Amayi ankapakula nsima mwakachetechete, ife n'kumayenda monyang'ama, mpando tinkachita kuunyamula kuti usalire pasimenti. Mlongo wanga wamng'ono ankangotsina nsima kawiri n'kusamba m'manja. Anthu ankawatama kuti aphunzitsi ndi ofatsa, ndipo kunjako anali ofatsadi, koma kufatsako kunkatilemera ife a m'nyumba. Pa maliro a mng'ono wawo, amene anamulera okha ndi kumulipirira fizi, anachezera pamoto ndi amuna anzawo akuwerengera ndalama za bokosi ndi matumba a ufa. Msozi ayi. Kuyambira pamenepo dzina la malemuyo silinkatchulidwanso pakhomo pathu, ndipo ife ana tinamulira mobisa, aliyense payekha.

Nditakula ndinapeza kuti zomwe tinkamva pakhonde paja ena anaziyeza ndi makina. Mu 1993, ku America, James Gross ndi Robert Levenson anaonetsa anthu kanema wa opaleshoni yodula mkono, ena n'kuwauza kuti asaonetse chilichonse pankhope. Nkhope anabisadi, koma thukuta la m'manja linachuluka, mitsempha ya magazi inathina, ndipo kunyansidwa kwawo sikunachepe. Chomwe chinandigwira kwambiri ndi cha 2003, cha Emily Butler ndi anzake. Amayi awiriawiri osadziwana ankaonera kanema wa bomba la ku Hiroshima kenako n'kukambirana, mmodzi atauzidwa mwamseri kuti abise zomwe akumva. BP inakwera ngakhale kwa mnzake uja yemwe sanauzidwe kanthu. Nditawerenga ndinakumbukira mlongo wanga ndi nsima yake ija.

N'chifukwa chake mawu akuti mwamuna salira ndimawakana, ndipo ndikamva munthu akuuza kamnyamata ka zaka zisanu choncho ndimamudzudzula pompo. Tikuphunzitsa ana kubisa nkhope, osawaphunzitsa chochita ndi zomwe zikuwotcha m'chifuwa. Ulemu uli ndi malo ake. Butler yemweyo mu 2007 anapeza kuti amayi otsata chikhalidwe cha ku Asia, komwe kudziletsa n'kolemekezeka, kubisako sikunawaonongere macheza kwambiri ngati anzawo otsata chikhalidwe cha azungu. Choncho munachita bwino kusabweza mawu pamaso pa makasitomala. Chimene ndikukana n'kumeza mpaka kunyumba, mwezi ndi mwezi, osauza munthu.

Mnzanuyonso walakwitsa, mwinanso kuposa amayi. Mu 2002 Brad Bushman wa ku Iowa State University anakwiyitsa ophunzira 600 powauza kuti nkhani zomwe analemba n'zachabechabe. Ena anamenya thumba akuganizira amene wawanyozayo, ena anamenya akuganiza zolimbitsa thupi, ena anangokhala phee kwa mphindi ziwiri. Atawapatsa mpata wolizira wowanyozayo phokoso loboola m'khutu, aja anamenya thumba akumuganizira ndiwo anali okwiya ndi ankhanza kwambiri. Ongokhala aja zinawayendera bwino koposa. Kumenya thumba nkhope ya bwana ili m'maganizo n'chimodzimodzi kukupizira mbaula uku ukufuna makala azime. Ndimaonanso zomwezi pa Facebook, munthu kulemba mkwiyo wake m'mawa, anzake n'kumamuthirira ndemanga, pofika madzulo wapsa kuposa mmene anayambira.

Ndiye mutani?

Tchulani chimene chikukupwetekani, ndi dzina lake lenileni. Matthew Lieberman wa ku yunivesite ya UCLA ku America anaonetsa mu 2007 kuti munthu akatchula ndi mawu zomwe akuona pankhope yokwiya kapena yamantha, amygdala, kachigawo ka ubongo kotichenjeza za ngozi, kamachepetsa mphamvu. Ine ndikuganiza kuti chanu ndi manyazi kuposa mkwiyo, poti anthu ankaonerera. Uzani munthu mmodzi wodekha, osati wokolezera. Dzifunseninso kuti kasitomala woima pakauntala paja anaona chiyani, chifukwa ambiri amachita manyazi ndi wokalipayo. Ku jimu pitani ndithu, koma bwana mumusiye kusitolo. Pakapita masiku awiri, m'mawa kusanadzaze anthu, tengani buku la marisiti, muwaonetse bwana wanu siginecha yomwe ili pa risitiyo, ndipo muwapemphe kuti tsiku lina mukadzalakwa adzakuitanireni mu ofesi.