Mayi, ndalamazo musatumize

Mayi, musatumize. Ngakhale K1,000 yomwe musamupatse munthu ameneyo. Ndinali ndikuwerenga bwinobwino zimene mwalemba za mtsikana wanu wa mapointi 15 pa MSCE amene dzina lake silinatuluke pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku mayunivesite aboma, koma nditafika pamene mwati pali bambo wina akuti amulowetsa pa "second list" mukangopereka kangachepe, manja anayamba kundinjenjemera mpaka foni ndinayamba ndaiika pansi. Mawu ake ndi omwewo amene anauza amayi anga mu 2017.

Ine ndinalemba MSCE mu 2016 pa CDSS ina kwathu ku Dowa, sukulu yopanda labu, Physical Science tinkangoiphunzira pabolodi. Ndinapeza mapointi 14. Chichewa 1, Agriculture 2, Biology 2, Chingerezi 3, Geography 3, Social 3. Pasukulupo chiyambire panalibe amene anafikapo pamenepo. Kutchalitchi anandiimika kutsogolo, amayi akumvano akululutira, agogo anga aamuna n'kuyamba kunditchula kuti adokotala. Chimene palibe anandiuza n'chakuti Masamu anga anali 5, Physical Science 6, ndipo ziwiri zimenezo ndi zimene makosi ndinkawafunawo amayang'ana. Mapointi aja amangowonkhetsa maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza kwambiri. Koma ukapempha za udokotala kapena uinjiniya sakufunsa kuti Chichewa unakhoza bwanji.

Mafomu opemphera malo ku yunivesite a NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, anatidzazira ndi aphunzitsi ena pasukulupo, sindiwatchula. Anatikhazika pabenchi tonse amene tinali ndi makirediti asanu ndi limodzi, iwo n'kumalemba okha. Nditawafunsa ngati sindingaikeko za uphunzitsi kapena zaulimi ku Bunda, anaseka. Akuti wa 14 points ukakhale tichala ngati ine? Anandiikira udokotala, za mankhwala, uinjiniya, zamalamulo, makosi okhaokha amene ana a sukulu zogonera zaboma ndi zamishoni amalimbirana ali ndi 6, 7, 8 points. Mpaka lero ndikawaona bambo amenewo mtima umandiwawa. Sanandibere kanthu, koma ankafuna sukulu yawo itchuke kuti yatulutsa dokotala, ndipo amene anakhala pakhomo chaka chonse ndine.

Tsiku limene maina anatuluka ndinakwera kabaza kupita pa Mponela. Nyuzipepala inali imodzi yokha, mwini golosale anaiyala pakauntala, tonse titaunjikana. Ndinatsitsa chala mndandanda wonse katatu. Chala chinada ndi inki. Mnzanga amene anapeza 19 dzina lake linalipo, anasankhidwa za uphunzitsi. Langa ayi.

Patangotha sabata kunabwera bambo wina pakhomo. Wovala bwino, nsapato zopolisha, chikwama cha mapepala m'khwapa, ndipo anabwera ndi munthu wa kutchalitchi kwathu amene amayi ankamukhulupirira. Anati amagwira ntchito ndi anthu osankha ana, akuti pali ana amene asankhidwa koma alephera fizi, ndiye malo awo amagawidwa mwakachetechete. Anatchula K120,000. Amayi anagulitsa mbuzi zitatu, imodzi ili ndi bere, ndi matumba a soya amene ankasunga kuti mtengo ukwere, anangowapereka kwa mavenda pamtengo wolira. Ndalama anatumiza pafoni kawiri. Patapita masabata atatu bambo uja anabweretsa kalata mu envulopu yakhaki, ili ndi chidindo, dzina langa litatayipidwa bwinobwino, kosi yake, tsiku lokayamba, zonse.

Ndiye ndinapitadi, mayi. Apa ndi pamene ndikufuna mumve. Amayi anandigulira sutikesi yakaunjika, chidebe chapulasitiki chabuluu, bulangete, anandikazingira mtedza n'kusinja chiponde chodzaza botolo. M'mawa wake mudzi wonse unandiperekeza pamsewu, agogo anandipatsa K500 yopindapinda imene anamasula pansonga ya nsalu. Ndinakwera basi mpaka ku Blantyre, mzinda umene ndinali ndisanaupondepo. Pakolejipo ndinaima pamzere wolembetsa ndi ana anzanga, chidebe m'manja, ndikumwetulira aliyense. Itafika nthawi yanga ndinapereka kalata ija kwa mayi wina wa muofesi. Anaiyang'ana, anayang'ana pakompyuta, anandifunsa nambala yanga ya mayeso, analembanso, kenako anavula magalasi. Anaitana mnzake. Awiriwo anayang'ana chidindo chija osayankhula. Kenako mayi uja anatsitsa mawu kuti amene anali kumbuyo kwanga asamve, n'kundifunsa kuti mwanawe, kalatayi wakupatsa ndani? Pomwepo ndinadziwa. Miyendo inazizira. Anandilowetsa mkati, anandipatsa mpando ndi madzi, n'kundiuza kuti sabata imeneyo sindinali woyamba kubwera ndi kalata yotero. Ndinaimba nambala ya bambo uja ndili muofesi momwemo, foni yozima. Ndinaimba mpaka batire kutha.

Ndalama yobwererera inali yosakwana chifukwa amayi ankadziwa kuti ndikukakhala. Mayi wa muofesi uja ndi amene anandiwonjezera thiransipoti ya m'thumba mwake, Mulungu amudalitse kulikonse ali. Ndinagona pa depoti ku Lilongwe nditakumbatira sutikesi. Mawa lake nditatsika kwathu masana ndinakabisala kuseri kwa chigayo mpaka kunada, kuopa kuti anthu amene anandiperekeza dzana lomweli andiona ndi chidebe changa chija. Nditagogoda usiku amayi anatsegula, anayang'ana sutikesi, sanafunse kanthu. Anangokhala pansi pakhomo pomwepo. Chiponde chija tinadya tonse pakhomo, palibe amene ankachitchula.

Munthu wa kutchalitchi uja anati nayenso anapusitsidwa. Kaya. Chimene ndinaona ine n'chakuti mwezi womwewo anafolera nyumba yake ndi malata. Tinakanena, koma umboni wake unali nambala ya foni imene inali itazima kale, ndipo amayi ankaopa kuti azifunsidwa chifukwa chimene ankaperekera ndalama yogulira malo. Akathyali amenewa amadziwa zimenezo. Amadziwa kuti kholo limene lapereka chiphuphu silingakuwe. Amasankha dala mabanja akumudzi amene mwana wake ndi woyamba kufika Fomu 4, pamene palibe mkulu wake kapena malume amene anapitako ku yunivesite woti n'kunena kuti zimenezi sizichitika choncho. Kudya thukuta la mayi wamasiye, mbuzi ya bere, ukugona tulo bwinobwino! Ine sindinawakhululukire ndipo musandiuze za kukhululuka m'makomentimu.

Amene mukulemba kuti 15 points kale inali yolowa ndi maso otsinzina mukunena zoona, koma kale limenelo linapita. Pulayimale yaulere inayamba mu 1994, ana aja anasefukira m'masekondale, ma CDSS ali paliponse, masukulu apulayiveti ali paliponse, ndipo chaka chilichonse MANEB ikutulutsa ana ochuluka okhala ndi makirediti okwanira. Mayunivesite aboma ndi asanu ndi imodzi okha: UNIMA ku Zomba, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST ku Thyolo ndi Mzuni. Ndipo musanamizidwe ndi kuchuluka kwa mainawo, MUBAS ndi Poly yomwe ija, KUHeS ndi College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, anangozipatula ku UNIMA mu 2021. Dzina latsopano silimanga hositelo. Nthawi yathu kunali kota, ankayang'ananso boma limene ukuchokera. Kota anaithetsa mu 2020, ena anasangalala ena anadandaula, ine sindilowa m'mkangano umenewo lero. Koma mwana wa pa CDSS yopanda labu akupikisanabe ndi mwana amene wakhala akugwira zipangizo za sayansi kuyambira Fomu 1, pa malo omwewo ochepawo. Ndiye mwana wanu sanalephere. Muuzeni zimenezo lero lomwe, pamaso, chifukwa ine palibe anandiuza ndipo ndinatha miyezi inayi osapita ngakhale kutchalitchi.

Maina onse osankhidwa amatuluka poyera kudzera ku NCHE ndi mayunivesite eni ake. Dzina limene silili pamenepo palibe munthu wa chikwama m'khwapa angaliikepo ali pakhonde panu. Ngati bamboyo akulimbikira, muuzeni mupitire limodzi ku ofesi ya yunivesiteyo mukapereke ndalamayo pamaso pa registrar n'kulandira lisiti. Muona momwe foni yake izimire.

Za kubwereza mwafunsazo, ine ndinganene kuti asabwereze. Chaka chobwereza chimapweteka, umakhala m'kalasi ndi ana amene unkawaphunzitsa sitade, ndipo ndaona ena akubwereza n'kutuluka ndi mapointi oipa kuposa oyamba. Ngakhale kuti ine ndinabwereza ndithu, ndinalowa sukulu yamadzulo, Masamu ndinakweza kufika pa 3, ndinadzaza ndekha mafomu, uphunzitsi n'kuuika poyamba, ndipo ndinasankhidwa ku Mzuni. Lero ndikuphunzitsa Biology. Ndiye mwina zimatengera mwana. Tengani satifiketi yakeyo muone phunziro lililonse palokha, osangoti 15. Ngati Chingerezi, Masamu ndi masayansi zili bwino, vuto linali makosi amene anasankha, ndiye angodikira chilengezo chotsatira apemphenso, asakanize makosi olimbirana ndi ena amene anthu sawathamangira. Awerenge zofunika pa kosi iliyonse mzere ndi mzere. Asalole munthu wina aliyense kumudzazira fomu. Komabe apeze wina amene ali ku yunivesite panopa, kapena mphunzitsi woona mtima, akhale naye pansi amuwonetse, chifukwa payekha mwana wa kumudzi zambiri sazidziwa, ine sindinkadziwa n'komwe kuti ku LUANAR kuli makosi a zakudya ndi zachilengedwe, ndinkangoti ndi kolima.

Ndipo asangoyang'ana khomo limodzi. Domasi ndi Nalikule amaphunzitsa aphunzitsi asekondale. Kuli Malawi College of Health Sciences ndi makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, kwa amene mtima uli kuchipatala. Kuli ma TTC ophunzitsa aphunzitsi apulayimale, kuli makoleji a ntchito zamanja monga Soche, Namitete, Nasawa ndi Salima, anzanga ena amene anapita kumeneko anayamba kugwira ndalama ine ndikadali pasukulu. Mzuni ndi LUANAR ali ndi maphunziro a ODeL, ophunzira uli kunyumba n'kumapitako nthawi ndi nthawi. Mukaganiza za yunivesite yapulayiveti, yambani mwafufuza ku NCHE ngati sukuluyo ndi kosiyo n'zovomerezeka, anthu alira ndi mapepala amene olemba ntchito akuwakana. Ngakhale ndinene zoona, ine ndikanapita ku TTC chaka chija mtima sukanakhazikika, ndinkafuna digiri basi, ndiye ngati naye ali choncho musamukakamize.

Ndalama mwasonkhanitsazo sungani. Akadzasankhidwa mudzazifuna, chifukwa ngongole ya Loans Board si onse amaipeza ndipo ikapezeka siifika tsiku lotsegulira, pamene malo ogona apanja ndi chakudya zimafuna ndalama pompopompo. Ine temu yoyamba ku Mzuzu ndinkagona chipinda chimodzi atatu ku Luwinga.

Nambala ya bambo ameneyo musaifufute, ndipo mameseji ake onse muwajambule musanamuyankhe chilichonse. Mtsikanayo musamusiye yekhayekha m'nyumba masiku ano, muzimutuma kumsika, azituluka. Ngati akufuna woyankhula naye, ndilembereni ku inbox, mafomu akadzatuluka tidzadzazira limodzi pafoni.