Magalasi a VR pophunzitsa kuwotcherera: tiwalandire kapena tipemphe ma rodi?

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amaphunzitsa zowotcherera pa kasukulu ka ntchito zamanja cha ku Kamwendo, kuno ku Mchinji. Akuti bungwe lomwe limawathandiza likufuna kuwagulira magalasi a VR, aja ukavala kumaso umangodziona uli mu wekishopu koma uli chikhalire m'kalasi. Funso lawo ndi lakuti kodi mwana angaphunziredi kuwotcherera ndi zimenezi kapena ndi magemu chabe, ndipo atapatsidwa mpata wosankha asankhe magalasiwo kapena ma rodi (timawaya tokutidwa tija timasungunuka powotcherera) ndi zitsulo, poti pano ana amachita kudikirana pa makina awiri okha owotcherera ndipo ma rodi amatha temu isanafike pakati.

Bambo, zikomo polemba. Yankho langa ndi lakuti musawakane, komanso musangoti zikomo n'kulandira musanafunse kuti m'katonimo muli chiyani, chifukwa pali VR yophunzitsira ntchito ndipo pali VR yongoonera, ndipo anthu ambiri ogula zinthuzi ali mu ofesi ku Lilongwe sasiyanitsa.

Kuphunzira pa makina oyerekezera si zachilendo ayi. Edwin Link ku America anapanga chimakina chophunzitsira oyendetsa ndege mu 1929, munthu amakhala m'kati n'kumawongolera ali pansi, ndipo mpaka lero oyendetsa ndege amaphunzira choncho chifukwa kulakwitsa uli m'mwamba mtengo wake ndi moyo. Zimene zasintha ndi mtengo basi. Facebook inagula kampani ya Oculus mu 2014, kenaka mu 2020 kunatuluka Quest 2 ya madola 299 yosafuna kulumikiza ku kompyuta, ndiye kuyambira pamenepo masukulu ambiri a luso kunjaku anayamba kugula. Ndi magalasi a mtundu umenewu ndikuganiza kuti akukuuzaniwo.

Tsono tiyeni tione chimene mwana wanu amavutika nacho masabata oyamba, inu mukuchidziwa kuposa ine. Wamupatsa rodi ya mtundu wa 6013, yonenepa mamilimita 3.2, wamuikira mphamvu ya magetsi (ma ampu) bwinobwino, akangoti akhudze chitsulo rodi yamata, akukoka, akupotokola, chikutiro cha rodi chija chagumuka, rodi yatayika isanagwire ntchito ndi theka lomwe. Ikayaka, dzanja likunjenjemera, wakweza kwambiri moto ukungothetheka mbali zonse, watsitsa yamatanso, wathamanga mzere watuluka wowonda ngati sunagwire, wachedwa wabowola chitsulo. Zinthu zake ndi zinayi zomwezo, kutalika kwa moto pakati pa rodi ndi chitsulo, kupendeka kwa rodi mbali ziwiri, ndi liwiro la dzanja, ndipo vuto ndi lakuti inu mphunzitsi simungaone zonse zinayi nthawi imodzi muli kuseri kwa helemeti yanu, mumangoona mzere ukatha n'kunena kuti apa unathamanga.

Apa ndi pamene makina oyerekezera enieni amapambana, ndipo ndikunena ndi mtima wonse. Lincoln Electric ali ndi yawo yotchedwa VRTEX, ku Spain kuli Soldamatic ya kampani ya Seabery, Miller nawonso ali ndi AugmentedArc. Pa makina amenewa mwana amagwira chogwirira rodi chofanana ndi chenicheni, kutsogolo kwake kuli kachidutswa ka pulasitiki koimira chitsulo, ndipo makinawo amayeza dzanja lake mphindi iliyonse, akapendeka molakwika chizindikiro chimamuonekera m'maso pompo, akamaliza amaona malikisi ake ndi malo enieni amene analakwitsa. Akhoza kubwereza mzere womwewo mpaka dzanja litazolowera osatha rodi ngakhale imodzi, osapsa, osadzuka usiku maso akuyabwa ndi kutuluka misozi chifukwa anasuzumira moto helemeti ili m'mwamba. Ku Iowa State University anayesapo kugawa ophunzira, ena kuphunzira pa zitsulo zokhazokha ena theka pa VR theka pa zitsulo, ndipo a theka ndi theka aja sanatsalire m'mbuyo pa mayeso. Koma taonani bwino, linali theka ndi theka, pa kuyesa kumeneko panalibe amene anaphunzira pa VR yokha.

Chifukwa chake n'chodziwikiratu kwa aliyense amene anagwirapo ntchitoyi. Wowotcherera wodziwa amamva ndi khutu kuti moto uli bwino, kaphokoso kaja kofanana ndi chiwaya cha tchipisi mafuta atapsa bwino, amamva kutentha kukudutsa m'magalavu, amadziwa kuti chitsulo chopyapyala cha felemu ya windo chimapindika ukachiwotcha mbali imodzi osachigwiriza kaye timadontho, amagogoda makoko otsala pamwamba pa mzere n'kuona ngati pansi pali timabowo. Ndipo kuno kwathu ntchito yake si ya zitsulo zatsopano zoyera ayi, ndi ngolo yothyoka ekiselo nthawi yokolola mtedza, ndi geti ya dzimbiri, ndi njinga ya kabaza yosweka kaliyala, magetsi nawo akubwera ofooka kapena mukugwiritsa jenereta yomwe imatsika mphamvu moto ukangoyaka. Zimenezi mu magalasi mulibe. Kukonza chitsulo ndi gilayinda, kuyeza, kudula, kulumikiza kuti sikweya ikhale sikweya, zonsezi ndi manja pa chinthu chenicheni, ndipo tsiku la mayeso a pulakitiko woyesa adzafuna chitsulo chowotcheredwa chomwe angachigwire n'kuchitembenuza.

Ndiye nkhawa yanga ili apa. Makina ngati VRTEX aja mtengo wake ndi madola masauzande ambiri, si a 299 aja ayi. Ngati bungwelo likukamba za magalasi okhaokha ndi timagwiriro take tiwiri ta magemu, ndiye kuti mwana azigwira kapulasitiki kopepuka m'malere, dzanja lopanda potsamira, ndipo phindu lake pa kuwotcherera ndi lochepa ndithu. Lilipo, koma lochepa. Komanso magalasi paokha saphunzitsa kanthu, chimaphunzitsa ndi pulogalamu ya m'katimo, ndipo mapulogalamu ambiri a ntchito amalipiritsa laisensi chaka ndi chaka, m'madola, ndiye ndi mmene forex ikuvutiramu mudzifunse kuti pulojekiti ikadzatha adzalipira ndani. Batire ya magalasiwo imakhala maola awiri kapena atatu basi, ndiye pafunika potchajira podalirika, kaya ndi sola. Mapulogalamu ena safuna kutseguka popanda intaneti. Fumbi la mwezi wa Okutobala ndi magalasi sizigwirizana, dzuwa likawomba m'kati mwa magalasiwo limawononga sikirini, ndipo ana ena amamva chizungulire ndi nseru akavala kwa kanthawi, amenewo musawakakamize, apume.

Komwe ndikuona kuti ngakhale magalasi otchipawo angathandize kwambiri ndi ku zamagetsi ndi ku nkhani za chitetezo. Mwana wa electrical installation akhoza kuyeserera kuzimitsa, kutseka, kuyeza kuti waya wafadi asanaugwire, akalakwitsa dongosolo aone zotsatira zake osavulala, chifukwa 230 volts ya m'nyumba imapha, osanena za mizere ya ESCOM ya 11kV. Wa zamagalimoto akhoza kuona m'kati mwa injini ikuyenda, kumasula giya bokosi yomwe sukulu yanu ilibe. Koma zomangamanga, ukalipentala, kusoka, pamenepo musataye ndalama, njerwa ndi dothi tili nazo pompano.

Mukadakhala koleji yaikulu ngati Namitete kapena Lilongwe Technical College, komwe ana ndi ambiri ndipo ma rodi amapita makatoni, ndikanati makina amodzi kapena awiri enieni aja adzibweza okha pakapita nthawi. Ndipo ndimalakalaka TEVETA, yomwe yakhalapo kuyambira 1999 ndipo imatolera levy kwa olemba ntchito kuti itukule maphunziro omwewa, itaganizirapo zogula makina otere ochepa n'kumawayendetsa m'makoleji a m'madera aja anayamba mu 2015, mwezi uno kuno mwezi wamawa ku Kasungu, m'malo moti kasukulu kalikonse kazivutika kokha ndi laisensi. Koma inu muli ndi makina awiri ndi ana odikirana, ndiye kwa inu chinthu choyamba ndi makina owotcherera ena, ma inverter aang'ono aja, mahelemeti okwanira mwana aliyense, magalavu, ma rodi ofika kumapeto kwa temu. Zimandiwawa kwambiri kuona mnyamata akuwotcherera pa msewu wa ku Mkanda atangovala magalasi a dzuwa, maso amenewo sadzabwerera.

Choncho mukakakhala nawo pansi a bungwewo, muwapemphe akuonetseni pulogalamu yeniyeniyo ikugwira ntchito, muvale nokha, muwotcherere mzere umodzi ndipo inu monga mmisiri muweruze ngati ikukuuzani zoona. Mufunse ngati imagwira popanda intaneti, laisensi yalipiridwa zaka zingati, chikawonongeka akonza ndani ndipo kuti. Akayankha bwino, pemphani kuti achepetse chiwerengero, magalasi awiri kapena atatu akwana poti ana azisinthana mphindi 15 kapena 20 aliyense, ndalama yotsalayo ipite ku ma rodi ndi zitsulo. Ndipo mukonze ndondomeko yoti mwana akangofika malikisi amene mwagwirizana pa VR, tsiku lomwelo apite panja akagwire rodi yeniyeni dzanja lisanaiwale. Mukakumana nawo mundilemberenso dzina la pulogalamuyo, tiione limodzi musanasaine.