Thukuta Lochuluka M'manja ndi M'khwapa

Mwafunsa chimene mungachite ndi thukuta lomwe limanyowetsa manja ndi m'khwapa mwanu ngakhale kunja kukuzizira, mpaka mumachita manyazi kupereka moni wa padzanja.

Yambani ndi mankhwala opaka okhala ndi aluminium chloride, chifukwa perefyumu wamba amangobisa fungo koma saletsa thukuta. Muzipaka usiku pogona, khungu litauma bwinobwino, popeza nthawi imeneyo thupi silituluka thukuta lambiri ndipo mankhwalawo amatha kutseka timabowo ta pakhungu; m'mawa musambe monga mwa masiku onse. Musapake m'khwapa mutangometa kumene, chifukwa amawotcha.

Manja akapanda kusintha, funsani dokotala wa khungu za iontophoresis, njira yoviika manja m'madzi odutsamo magetsi ofooka kwa mphindi 20 kapena 30, kangapo pa sabata. Jakisoni wa Botox, mankhwala obayidwa pakhungu kuti thukuta lisatuluke, amathandiza kwa miyezi ingapo, kungoti ndi wodula. Opaleshoni yodula mitsempha yotumiza uthenga wotulutsa thukuta musaithamangire, chifukwa kwa ambiri thukuta limasamukira kumsana kapena pamimba.

Koma ngati vutoli layamba posachedwa, thukuta likutuluka thupi lonse makamaka usiku, ndipo mukuonda kapena kutsokomola, pitani kuchipatala akakuyezeni TB, shuga ndi chithokomiro.