Kodi n'kulakwa kumusiyira mnzathu wodziwa Chingerezi kuti azitilankhulira?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina amene ali chaka choyamba ku koleji ya aphunzitsi. Dzina lake ndi la kolejiyo ndasunga, koma nkhani yake ndi iyi. Alekichala amawagawa m'magulu a anthu 6, n'kuwapatsa mutu woti akafufuze, kenako adzafotokozere kalasi yonse kwa mphindi 15. M'gulu mwawo muli mnyamata wina amene Chingerezi chimangoyenderera pakamwa pake, ndiye nthawi zonse woima kutsogolo ndi yemweyo. Mchemwaliyu amangolemba pa flip chart, pepala lalikulu lopachika kutsogolo, poti ali ndi dzanja labwino. Iye akuti: "Malikisi timapeza abwino tonse. Ine ndikaima kutsogolo mawondo amaombana, mawu amandithawa. Kodi pali cholakwika tikapitiriza chonchi? Paja mutu umodzi susenza denga, aliyense akuchita chimene amatha."

Achemwali, mwambiwo mwautchula bwino, koma mwaukhazika pamalo posayenera. Pagulu panupo dengalo akusenza ndi munthu mmodzi, ena asanu mukungoyenda m'mbali mukuomba m'manja. Ndipo amene akudyeredwa masuku pamutu si mnyamatayo ayi. Iye akunola lilime lake sabata ndi sabata, inu mukunola cholembera. Maphunziro anu a uphunzitsi wa pulayimale, otchedwa IPTE, ndi a zaka ziwiri, ndipo mbali ina ya nthawiyo mudzakhala pasukulu ya pulayimale mukuphunzitsa ana enieni. Kuyambira 1994, pamene pulayimale inakhala yaulere, makalasi athu anadzaza, moti si zachilendo kupeza ana oposa 100 mu Sitandade 1 kapena 2, ena atakhala pansi mpaka pakhomo. Tsiku limenelo mnyamata uja adzakhala kusukulu ina, boma lina. Choko chidzakhala m'manja mwanu.

Za manthazo sindikukunyozani, chifukwa inenso ndinadutsamo. Tsiku loyamba kuima pamaso pa anzanga ndinanyamula pepala lalikulu lomwe ndinalembapo mawu onse, ngakhale moni. Dzanja litayamba kunjenjemera, pepalalo linayamba kulira "phephephe" moti a pabenchi yakutsogolo ankalimva. Ndinaligwira ndi manja awiri, likuliraliralibe. Ndinawerenga mizere yonse mutu uli pansi, mzere wina ndinauwerenga kawiri, ndipo nditakhala pansi sindinakumbuke ngakhale liwu limodzi la zimene ndinanena. Chimene chimachitika m'thupi pamenepo n'chodziwika. Ubongo ukaona maso ambiri akukuyang'ana umayesa kuti kwagwa zoopsa, thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline, mtima umagunda mothamanga, malovu amauma, manja amanjenjemera. Si matenda, si kulodzedwa. Ndipo zimachepa ukamabwerezabwereza kuima pamalo pomwepo, monga mmene munthu amazolowerera kukwera njinga. Kukhala pansi n'kumaonerera wina sikuchepetsa kalikonse.

Komanso tisaiwale mmene tinaleredwera. Kunyumba ankatiuza kuti mwana salankhula akulu ali pomwepo, ndipo kuyang'ana wamkulu m'maso ndi mwano. Kwa mwana wamkazi malamulowo ankathina koposa. Tikafika kusekondale, m'masukulu ena ukagwidwa ukulankhula Chichewa unkalandira chibalo, ukathyola Chingerezi anzako ankafa ndi phwete. Ndiye wanzeru ankasankha kukhala chete. Mayeso a Chingerezi a MSCE nawonso ndi olemba, munthu akhoza kukhoza bwinobwino asanalankhulepo chiganizo chimodzi pagulu. Kenako ku koleji akuti imirira, yang'ana anthu, kweza mawu, m'chilankhulo cha eni. Mawondo angalekerenji kuombana?

Tsono tiyeni tiwerengetse. Mphindi 15 kugawa kwa anthu 6, aliyense zake ndi mphindi ziwiri ndi theka. Munthu wolankhula Chingerezi modekha, pa nthawi imeneyo amanena mawu pafupifupi 300 basi. Phiri limene mukuliopalo ndi limeneli. Mfundo imodzi, chitsanzo chimodzi, n'kupereka mpata kwa mnzanu.

Apa ndiye pagona phindu la gulu, limene ambiri saliona. Timaganiza kuti gulu ndi logawana ntchito: iwe ukafufuze, iwe ulembe, iwe ugule mapepala. Kenako zonse zimathera pa WhatsApp, wina akuti bandulo yatha, wina sakuyankha, usiku womaliza anthu awiri n'kuchezera kulemba. Koma anthu asanu aja ndiwo kalasi yanu yoyamba. Kulakwitsa pamaso pa anthu asanu pansi pa mtengo wa mango n'kotchipa kusiyana ndi kulakwitsa pamaso pa kalasi yonse ndi alekichala ali ndi cholembera m'manja. Kumanani maso ndi maso kosachepera kawiri, ndipo aliyense aimirire. Ndikutanthauza kuimirira kwenikweni, osati kufotokoza mutakhala pa udzu. Miyendo nayo iyenera kuphunzira. Mmodzi agwire foni aziwerenga nthawi, wina akaime patali, ngati kumapeto kwa kalasi, azikweza dzanja akapanda kumva.

Ulendo woyamba fotokozani gawo lanu m'Chichewa. Ena adabwa nazo, koma ndimaumirira pamenepa. Nthawi zambiri timanamizira Chingerezi pamene vuto ndi lakuti nkhaniyo sitinaimvetse. Ngati mutu wanu ndi wa mmene mwana amaphunzirira kuwerenga, ndipo mukulephera kuufotokozera mnzanu m'Chichewa popanda kuyang'ana pepala, ndiye kuti mwangokopera za m'buku. Mudzakhala ngati kandimverere amene anakanena za m'maluwa. Mukaimvetsa m'chilankhulo chanu, Chingerezi chimangokhala chovala, ndipo chikang'ambika pang'ono nkhaniyo imaimabe. Za "l" ndi "r" musataye nazo tulo. M'Chichewa mwathu kusinthanitsa ziwirizi sikusintha tanthauzo la mawu, n'chifukwa chake lilime limaterereka tikafika pa Chingerezi. Sankhani mawu atatu kapena anayi ovuta a m'gawo lanu, muwatchule mokweza kangapo, otsalawo asiyeni. Amene adzaseke nayenso ali ndi ake amene amamupunthwitsa.

Pepala lalikulu lisiyeni kuhositelo. Dulani kachidutswa ka katoni kokwana m'dzanja, ngakhale ka katoni ya sopo, mulembepo mawu asanu okha okukumbutsani njira. Katoni silira ngakhale dzanja linjenjemere, ndipo poti palibe ziganizo zoti muwerenge, mutu umadzuka wokha. Chiganizo choyamba chokha ndicho muloweze pamtima, chifukwa masekondi oyambawo ndiwo ovuta. Pakamwa pakangotseguka, zotsatira zimabwera. Za maso, musayese kuyang'ana aliyense. Sankhani nkhope zitatu, ina kumanzere, ina pakati, ina kumanja, muzilankhula kwa iwowo mosinthana. Mukaona kuti mwayamba kuthamanga, imani, pumani. Kwa inu kukhala chete kwa masekondi awiri kumaoneka ngati chaka, koma womvera amangoona munthu wodekha.

Chinthu china chimene magulu ambiri amachiphonya ndi kupatsirana. Wina amatha gawo lake n'kungoti "basi", kukhala pansi, wotsatira akuyang'ana kumbali osadziwa kuti nthawi yake yakwana. N'zodabwitsa, chifukwa luso limeneli tili nalo kale kwathu. Taonani pa maliro kapena pa chinkhoswe. Woyendetsa mwambo amaitana wakubanja, wakubanja akatha amabweza mawu, kenako amfumu, kenako ampingo. Aliyense amadziwa malire a zonena zake, ndipo salanda za mnzake. Agogo amene sanapite patali ndi sukulu amaimirira pamenepo n'kulankhula anthu mazana ali zii. Sanabadwe akudziwa, anayamba ndi kuonerera, kenako anapatsidwa kachigawo kakang'ono, mwina kolengeza za chipepeso. Chitani chimodzimodzi. Pomaliza gawo lanu mutchule dzina la wotsatira ndi chimene akudzanena. Ndipo kumbukirani nthano za madzulo: wofotokoza sapita patali asanamve "tili tonse". Kafunso kamodzi koponyera kalasi pakati pa gawo lanu kamagwira ntchito yomweyo, ndipo kwa munthu amene adzaphunzitse ana ang'onoang'ono, limeneli ndi luso loyenera kuliyamba lero.

Mwina alekichala anu akuwerenga. Bwana, ngati mupereka malikisi ofanana kwa gulu lonse osaona amene walankhula, ophunzira adzachita zimene mchemwaliyu wafotokoza, ndipo sadzakhala olakwa. Gawani malikisiwo pawiri, ena a gulu, ena a munthu payekha. Mafunso a kumapeto muziloza nokha woyankha. Okwera matola adzatsika okha.

Tsopano za mnyamata uja. Musamuchotse ngati walakwa, mwina nayenso watopa koma akuopa kuti akasiya gulu ligwa. Muuzeni poyera pa msonkhano wotsatira kuti ulendo uno mukufuna gawo lanu, ndipo mudzaona kuti ena awiri kapena atatu anali ndi maganizo omwewo koma amadikira woyamba. Iye mumupatse kutsegula ndi kutseka, chifukwa akayamba bwino kalasi imakhazikika. Inu tengani gawo lachiwiri, osati lomaliza. Mukakhala womaliza mudzakhala mphindi 12 mtima uli m'mwamba, osamva chilichonse chimene anzanu akunena. Funso likakugwerani lomwe simukulidziwa, nenani kuti simukulidziwa ndipo mnzanu wakuti athandizapo. Kumeneko ndiye kusenzerana denga kuja munkanena.

Ulendo woyamba sudzakoma, ndisakunamizeni. Mawu adzanjenjemera, mwina mudzaiwala liwu limodzi mwa asanu a pakatoni aja. Malikisi a gulu akhoza kutsika pang'ono, ndipo wina adzadandaula. Flip chart muzilembabe, poti dzanja labwino n'losowa, koma tsiku limenelo mukamaliza kuipachika musabwerere kumpando. Imani pambali pake, kakatoni kali m'dzanja. Mukatero mundilemberenso, ndikufuna kumva ngati wa kumapeto kwa kalasi anakweza dzanja.