Sikani ya impso ndi chikhodzodzo siwotcha, pitani nawo bambowo

Achemwali, ndawerenga funso lanu lonena za bambo anu a zaka 67. Mwati akumadzuka kambirimbiri usiku kukataya madzi, mkodzo ukumangodontha, ndipo sabata yatha anaona magazi mumkodzo. Adokotala awalembera sikani ya impso ndi chikhodzodzo koma iwo akukana, ati makinawo amawotcha m'mimba. Ndaonanso ena amene ayankha funso lanu akuti mungowagulira makapisozi kapena zitsamba. Ine ntchito yanga ndi yojambula odwala, ndiye mundilole ndilankhule motalikirapo.

Muwauze kuti sikani imeneyi si X-ray. Ndi makina omwe aja amene amaunikira amayi oyembekezera kusikelo, mwana ali m'mimba osavulala. Amatumiza m'thupi phokoso limene khutu la munthu silingamve, phokosolo likagunda impso kapena chikhodzodzo limabwerera, makina n'kupanga chithunzi. Palibe jakisoni, palibe kucheka. Adzagona chagada, tidzawapaka mafuta ozizira pang'ono pachinena, kenako adzagonera mbali iyi ndi inayo kuti tione impso zonse ziwiri. Tidzawapempha kuti akoke mpweya wambiri n'kuugwira, chifukwa akatero impso imatsika pang'ono kuchoka kuseri kwa nthiti. Zonse zimatha pa mphindi 20 kapena 30.

Chimene chimabweza anthu ambiri pakhomo la chipinda chathu ndi mkodzo. Munthu amayamba wadutsa kuchimbudzi kuti alowe ali womasuka, osadziwa kuti wataya chimene timafuna. Chikhodzodzo chopanda mkodzo chimakhala ngati chibaluni chophwa, makoma ake amakwinyika moti sungaone ngati pali chotupa kapena ayi. Chikadzaza chimaoneka chakuda bii pa sikirini, ndipo chilichonse chimene chamera pakhoma pake chimaonekera. Ndiye kutatsala ola limodzi, amwe madzi pafupifupi lita imodzi, pang'onopang'ono, ndipo asakodze. Poti bambo anu akuvutika kale kusunga mkodzo, musawamwetse ali kunyumba n'kukwera nawo minibasi. Nyamulani botolo, akamwere pamzere. Akafika poti sangapirirenso, gogodani muuze wojambulayo. Ngati ali ndi vuto la mtima kapena anauzidwapo kuti azichepetsa madzi, nenani zimenezo asanayambe kumwa.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse bwino. Akawajambula chikhodzodzo chili chodzaza, adzauzidwa kuti akakodze n'kubweranso. Ambiri amaona ngati zatha, amavala jekete n'kumapita. Chonde abwerere. Kujambula kwachiwiriko n'kumene kumatiuza kuchuluka kwa mkodzo umene ukutsalira munthu atakodza. Wabwinobwino amatsala ndi wochepa kwambiri, wosapitirira mamililita 50. Ukamatsala wopitirira 200, ndiye kuti chikhodzodzo chikulephera kukhuthula. Ndimaona madala ena akubwera kuchokera kuchimbudzi akunena motsimikiza kuti amaliza, koma pa sikirini chikhodzodzo chili tho. Iwo sakunama ayi, thupi linazolowera moti samvanso. Kwa abambo a msinkhu umenewu kawirikawiri chimachititsa ndi prostate, kachiwalo kamene kamazungulira njira ya mkodzo pansi pa chikhodzodzo. Kamakula munthu akamakalamba, n'kumafinya njirayo. Pa sikani timakayeza: ka mnyamata kamakhala magalamu pafupifupi 20, koma kwa achikulire kakhoza kufika 60, 80 kapena kupitirira.

Mwina mukudabwa kuti vuto lili pokodza, nanga impso zikubweramo bwanji. Mkodzo ukamalephera kutuluka kunsi umabwerera kumtunda, impso zimayamba kutupa ndi madzi. Pa lipoti mudzaona mawu akuti hydronephrosis. Choopsa chake n'chakuti nthawi zambiri sizipweteka. Munthu amangoyenda, impso zikuwonongeka mwakachetechete, mpaka tsiku lina miyendo yatupa, akusanza, chakudya sichikulowa. Impso ya munthu wamkulu imatalika masentimita 10 mpaka 12. Tikaipeza yatupa koma mnofu wake udakali wokhuthala, mpata ulipo: amaika paipi ya mkodzo, mkodzo n'kutuluka, impso n'kupuma. Tikaipeza yafota, nkhani imakhala ina, ndipo mukudziwa kuti makina a dialysis, osefa magazi impso zikalephera, m'zipatala za boma ndi ochepa, anthu amachita kudikirira ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe. N'chifukwa chake mtima umandiwawa ndikamva kuti munthu watha miyezi akumwa makapisozi ogula pagolosale. Pemphaninso kuti awatenge magazi oyeza creatinine, chifukwa sikani imaonetsa maonekedwe a impso, koma mmene ikugwirira ntchito amanena ndi magazi.

Za magazi mumkodzo zija musazitenge mopepuka, ngakhale anaoneka kamodzi kokha n'kusiya. Mwanena kuti bambo anakulira ku Nkhotakota ndipo anali msodzi. Chimenecho mukawauze adokotala ndi wojambula yemwe. M'mbali mwa nyanja ya Malawi, ku Mangochi, ku Salima, kunyanja ya Chilwa ndi kuchigwa cha Shire, likodzo ndi lofala, moti ambiri anakula akuona mnyamata akukodza magazi ngati chinthu wamba. Tinyongolotsi ta likodzo timaikira mazira m'khoma la chikhodzodzo. Zaka zikamapita khomalo limakhuthala, limauma, njira zochokera ku impso zimatha kuphinjika, ndipo mwa ena pamabuka khansa ya chikhodzodzo. Mankhwala a praziquantel amapha tinyongolotsito, koma sachotsa zipsera zakalekale, ndipo chotupa sachigwira n'komwe. Ngati amasuta fodya kapena ankasutapo, nenaninso, chifukwa fodya naye amabweretsa khansa yomweyi.

Koma ndisakunamizeni kuti sikani imaona zonse. Matenda a tizilombo mumkodzo sawaona, amenewo amapezeka poyeza mkodzo ku labu, ndipo mazira a likodzo nawo amawaona komweko. Miyala ya mu impso imaoneka, koma mwala umene watsikira m'kanjira kopita kuchikhodzodzo umabisika kuseri kwa matumbo, mpaka pafunike sikani ina ya makina aakulu yotchedwa CT scan. Prostate tikhoza kunena kuti yakula, koma kuti ndi khansa kapena ukalamba chabe, pamafunika dokotala apime ndi chala komanso kuyeza magazi ounikira prostate, amene amati PSA. Kachotupa kakang'ono kapena kophwatalala m'chikhodzodzo kakhoza kutiphonya. Ndiye lipoti likadzatuluka loti zonse zili bwino, nkhani ya magazi ija isathere pomwepo. Munthu wa zaka 67 amene wakodza magazi ayenera kuonedwa ndi madokotala a njira ya mkodzo kuchipatala chachikulu, kumene amalowetsa kakamera m'chikhodzodzo, kupima kumene amati cystoscopy. Funsani kalata yowatumiza kumeneko.

Kwa amayi ena amene mwalemba kuti nanunso mukumva kuwotcha pokodza: ngati ndi koyamba, mulibe malungo kapena kupweteka m'nthiti, nthawi zambiri sikani sifunika, kuyezetsa mkodzo ndi mankhwala oyenera n'kokwanira. Imafunika vutolo likamabwerezabwereza, mankhwala akamakanika, kapena magazi akamaonekabe mutachira.

Achemwali, potenga zotsatira musangomva kuti "zili bwino" kapena "prostate yakula". Onetsetsani kuti m'buku lawo la kuchipatala mwalembedwa kukula kwa impso iliyonse, ngati yatupa, kukula kwa prostate, mmene khoma la chikhodzodzo likuonekera, ndi mkodzo wotsalira. Manambala amenewa ndi amene adzafanizire akadzawajambulanso. Yambirani kuchipatala cha boma cha m'boma lanu, mufunse tsiku limene amajambula. Koma mkodzo ukatsekeka osatuluka n'dontho lomwe, kapena akayamba kukodza magazi oundana, kapena akamva kuzizidwa ndi kutentha thupi pamodzi ndi ululu wa m'mbali mwa msana, musadikire tsiku la sikani. Thamangirani nawo kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.