Mafunso a Owerenga: Kuyala Matabwa Pamwamba pa Siling'i

FUNSO: Ndili ndi nyumba ya njerwa zootcha ku Kapata, yofolera ndi malata, ndipo pakati pa siling'i ndi malatawo pali mpata woti munthu akhoza kuyendamo chowerama. Ndikufuna kuyalamo matabwa kuti ndizisungamo masutikesi, mipando yakale, komanso matumba 10 a chimanga ndi mtedza amene abale amanditumizira kuchokera ku Katete. Kalipentala wina wati angokhomera matabwawo pa mitengo imene ilipo kale. Kodi ndimulole? Mayi wa ku Kapata, Chipata.

YANKHO: Amayi, musamulole msanga kalipentalayo, ngakhale kuti maganizo anu ogwiritsa ntchito mpata umenewo ndi abwino. Mitengo imene akunenayo ili mitundu iwiri, ndipo yonse sinaikidwe kuti izisenza katundu. Pali timitengo ting'onoting'ono, kawirikawiri ta mamilimita 38 kapena 50 mbali zonse, timene siling'i amakhomerapo kuchokera pansi. Timeneti ntchito yake ndi kugwira siling'i basi, moti munthu akapondapo mwendo umatulukira kuchipinda. Ndiye pali mitanda ya m'munsi ya matirasi (zimango za matabwa zosenza denga), imene imaoneka yamphamvu, koma ntchito yake yeniyeni ndi kukoka mapaso kuti denga lisatambasuke n'kukankhira makoma kunja. Pa nyumba zambiri za malata matirasi amatalikirana mita imodzi kapena kuposerapo, chifukwa malata ndi opepuka, pamene thabwa loti munthu aziyendapo limafuna chochirikiza pa masentimita 40 mpaka 60 alionse.

Tsono tawerengani katundu wanuyo. Matumba 10 a makilogalamu 50 ndi makilogalamu 500, theka la tani, ndipo mukawaunjika pamalo amodzi mtanda sumathyoka tsiku lomwelo ayi. Umayamba kupindika pang'onopang'ono, siling'i n'kuyamba kuonetsa ming'alu m'malo olumikizira, misomali n'kumatuluka mitu, mpaka tsiku lina zonse n'kugwera pabedi pa ana. N'chifukwa chake ine ndinganene mosabisa kuti chimanga ndi mtedza zisakwere kudenga, ngakhale matabwa atayalidwa bwino chotani. Mu Okutobala pansi pa malata pamatentha kwambiri, ndipo mtedza suchedwa kusintha kakomedwe ukakhala pamalo otero. M'mamawa wa nyengo yozizira malata omwewo amachita thukuta n'kumadonthezera pa matumba. Kuwonjezera apo, chakudya chimaitana makoswe, ndipo khoswe akakhazikika kudenga amatafuna ndi mawaya a magetsi omwe. Matumbawo aikeni m'chipinda chapansi, pa thandala la matabwa, motalikirako ndi khoma.

Za masutikesi ndi zinthu zina zopepuka n'zotheka ndithu, malinga kulemera kwake kukutsikira pa makoma, osati pa mitengo ya denga. Mmisiri aike mitanda yatsopano ya mamilimita 50 kwa 150, yoimika chammbali osati yogoneka chafulati, nsonga zake zonse ziwiri zitakhala pa khoma lolimba kapena pa ring beam (lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa makoma), ndipo ikwezedwe pang'ono kuti isakhudze siling'i. Mtanda wa msinkhu umenewu, ukatalikirana ndi unzake masentimita 40, umakwanitsa mpata wa pafupifupi mamita 3, choncho malo abwino ndi pamwamba pa kolido kapena pa chipinda chaching'ono pomwe makoma ayandikana, osati pamwamba pa balaza. Aonetsetsenso kuti makoma a m'katiwo ali ndi maziko, popeza ena amangokhala ogawa zipinda. Ngati mtengo wina wa thirasi ukutchinga njira, asaudule ngakhale pang'ono, chifukwa uliwonse uli ndi mbali ya denga imene ukugwira.

Pamwamba pa mitandayo mukhoza kuyala plywood ya mamilimita 18, imene imagulitsidwa m'mapepala a mamita 1.22 kwa 2.44. Pepala lathunthu silingalowe pa kachitseko ka siling'i, choncho lichekedwe pakati m'litali mwake lisanakwere. Zidutswazo zigone mopingasa mitanda, nsonga iliyonse ithere pakati pa mtanda, malo olumikizira asakhale pa mzere umodzi, ndipo pakati pa chidutswa ndi chinzake pasiyidwe kampata ka mamilimita 3, chifukwa thabwa limatupa mvula ikayamba mu Novembala. Agwiritse ntchito ma screw m'malo mwa misomali, popeza kumenya hamala kudenga kumang'amba siling'i, ndiponso thabwa lomangidwa ndi ma screw limamasuka mosavuta tsiku limene wamagetsi adzafune kuona mawaya. Mawayawo asapanikizidwe pakati pa thabwa ndi mtanda, timabokosi tolumikizira tisakwiriridwe, ndipo magetsi azimitsidwe pa bokosi lalikulu ntchito isanayambe. Nthawi yabwino yogwira ntchitoyi ndi Juni kapena Julayi, makamaka m'mawa.

Koma ngati m'tsogolo mudzafune kuti malowo akhale chipinda chogona munthu, imeneyo ndi nkhani ya injiniya ndi chilolezo cha khonsolo ya mzinda wa Chipata, osati ya kalipentala yekha.

FUNSO: Pa ntchito ngati imeneyi, kodi ndigule mukwa, paini kapena bulugamu? Ndimaopa chiswe. Bambo wa ku Petauke.

YANKHO: Abambo, mukwa chiswe sichiukonda, koma ndi wodula ndiponso wolemererapo, ndipo n'zomvetsa chisoni kubisa mtengo wokongola chonchi pamalo pomwe palibe adzauone, usungireni zitseko ndi mipando. Bulugamu ndi wolimba, koma ukakhala wauwisi umapotoka ndi kung'aluka pouma. Paini, amene wambiri amachokera ku minda ya mitengo ya ku Copperbelt monga ya kampani ya zankhalango ya ZAFFICO, ndiye woyenera, malinga akhale wouma ndiponso wothiridwa mankhwala oteteza ku chiswe, amene nthawi zambiri amasiya mtundu wobiriwirako. Paliponse pamene mwacheka pakanipo mankhwala ogula kusitolo, osati oyilo wakuda wa galimoto amene ambiri amathamangira, chifukwa amanunkha m'nyumba kukatentha ndipo amathandizira moto. Musanakweze mtanda uliwonse, yendani ndi tochi m'mbali mwa makoma kufunafuna tinjira ta dothi ta chiswe, ndipo mukatipeza muyambe mwathana nacho pansi pomwe chikuchokera.